Shaki Sanunkhiza Pachabe

Boti la Ondina linalowa padoko Loweruka masana likuliza huta, ndipo kuno ku chilumba cha Pico ngakhale mphaka wa padoko amadziwa kuti boti lobwera ndi alendo okhutira silichita phokoso. Sajeni Natércia Goulart anasiya khofi wake pakauntala n'kutsika masitepe. Asanafike n'komwe anamva mawu a mwamuna wachilendo akukuwa kuti aitanitse apolisi, m'botimo muli mbava.

Nkhani yake sinali yaitali. Dona Graciete Pimenta, mayi wamasiye wa ku Viana, kutali ndi chilumba chino, anabwera ndi mlongo wawo wamng'ono, Tibério, kudzaona ashaki pansi pa nyanja. Ondina, mwini boti amenenso amatsogolera alendo m'madzi, ali ndi lamulo limene sanyengerera nalo munthu: kwa ashaki sulowa ndi chinthu chonyezimira, ngakhale chobisika mkati mwa chovala, poti mlendo wina kamkanda kanamutulukirapo pakhosi shaki ali pamphuno. Ndolo, mphete, wotchi, zonse zimalowa m'chitini cha mabisiketi chimene chimakhala pansi pa mpando wa woyendetsa. M'chitinimo Dona Graciete anaikamo mtima wagolide wovala m'khosi, waukulu ngati chikhatho cha mwana, umene anavalapo amayi awo, agogo awo ndi amayi a agogowo. Atatuluka m'madzi anapeza wotchi ya Tibério ilimo, ndolo za Ondina zilimo, koma mtima uja mulibe. Ndipo nthawi yonse imene atatuwo anali pansi, pamwamba panatsala munthu mmodzi yekha, woyendetsa boti, Gualter Serpa.

Mbuzi ikasowa m'khola maso onse amapita kwa fisi, ngakhale fisiyo atakhala kuti anaguluka mano kalekale. Gualter anali fisi wathu. Pa unyamata wake ankathyola nyumba za anthu amene anapita ku Amereka, ndipo amene anamumanga anali Natércia yemweyu. Atabwerako kundende, anthu ankaoloka msewu kuti asamupatse moni. Natércia ndiye anapita kwa Ondina kukamupemphera ntchito, n'kunena kuti munthuyu akadzabanso mudzandifunse ine. Tsopano Gualter anali atayima m'botimo akuyang'ana pansi.

Natércia ndi wapolisi mnzake anasecha zikwama, matumba, zovala za labala, pansi pa mipando, mpaka masokosi a aliyense. Mnzakeyo anatsegulanso bokosi la nyambo, koma fungo la mitu ya nsomba za tuna imene inaswera padzuwa linamukankha, ndipo anangotokosamo ndi kamtengo n'kutseka msanga. Golide sanapezeke. Tibério anati palibe chodabwitsa, wakuba wozolowera amadziwa kumangirira chinthu kuchingwe n'kuchisiya panyanja kuti adzachitenge tsiku lina. Kenaka anagwira achemwali ake pamkono n'kupita nawo kunyumba ya alendo.

Gualter sanadzikanire ndi mawu ambiri. Pomumanga anangoti sanatenge. Koma atafika pamwamba pa masitepe, unyolo uli m'manja, anatembenuka n'kuuza Ondina kuti:

"Mitu yotsalayo mupatse a Firmino. Mawa sitipita kunyanja, ingowola."

Ena anaseka, ati taonani munthu akupita kundende koma maganizo ali pa mitu ya nsomba.

Madzulo omwewo mkulu wa apolisi anaimba lamya kuchokera kutsidya, ku Horta. Anakumbutsa Natércia kuti Gualter anatuluka m'ndende nthawi yake isanathe, pa lonjezo la khalidwe labwino. Lolemba m'mawa akwere sitima kupita kukhoti, ndipo akalowanso ulendo uno adzatuluka ndi imvi. Natércia anatsala ndi tsiku limodzi, ndipo tsikulo linali Lamulungu la Mzimu Woyera, pamene pachilumba pano ngakhale nkhuku siyembekezeka kugwira ntchito.

* * *

M'mawa Natércia anamutengera Gualter buledi wozuna wa chikondwerero kuchitokosi. Anamupeza atakhala pabenchi, maso ali psuu.

"Ukanandiuza bodza, Gualter, bwenzi ndikudziwa poyambira."

"Mabodza ndinawathera kwa inu zaka zija, mayi Sajeni. Lero ndilibe ngakhale limodzi."

Anamuuza kuti afotokoze mmene anthu analowera m'madzi. Gualter, amene mawu amawatulutsa ngati akuchita kugula, anati woyamba anali Ondina, monga mwa masiku onse, kukaona ngati ashaki abwera mwamtendere. Achiwiri anali mayi aja. Atakhala m'mphepete mwa boti mantha anawagwira, anayamba kupemphera, ndipo iye anachita kuwagwirira botolo la mpweya kumsana n'kumawalimbitsa pang'onopang'ono mpaka anadziponya. Mlongo wawo analowa pomaliza, akudandaula kuti magolovesi akumuthina. Natércia anafunsa kuti pamene iye ankanyengerera mayiwo, bamboyo anali kuti.

"Kumbuyo kwanga."

"Kumbuyo kwako kunali chiyani?"

"Mpando wanga. Ndi bokosi la nyambo." Gualter ananyema buledi uja koma sanadye. "Musadzivute, mayi Sajeni. Mawu anga ndi mawu a bambo wa wotchi yonyezimira, woweruza adzamva a ndani?"

* * *

Natércia anamupeza Ondina kushopu kwake akukolopa pansi poyera kale, poti mkaziyu akapsa mtima amafuna chogwira. Analankhula osapuma. Anati ntchito yafa basi, mbiri ikangomveka kuti boti lake limameza golide palibe mlendo adzapondenso. Anati Gualter sangabe, kenaka anati nanga wina ndani, n'kuyamba kulira, n'kudzitukwana chifukwa cholira. Natércia anamudula pomufunsa amene anakonza ulendowu.

"Mlongo wa mayi aja. Anayamba kundiimbira nyengo yozizira ija, ati ndi mphatso ya achemwali ake. Ndiye mafunso ake, iwe. Anthu amafunsa ngati shaki amaluma, mwezi wabwino ndi uti, kodi tidzaona jamanta, nsomba zikuluzikulu zamapiko zija, ndimwe chiyani kuti ndisasanze. Iyeyu ayi. Kodi n'zoona kuti zonyezimira zonse timavula? Ngakhale za m'khosi? Mumazisunga pati? Nanga paboti pamatsala ndani?"

"Gualter anamutchula?"

"Ndi dzina lomwe. Ati anawerenga m'nyuzipepala za mkaidi amene anasanduka woyendetsa boti, ndipo zinamukhudza kwambiri. Ati maboti enawo sakuwafuna, akufuna la munthu ameneyo."

Ondina anasiya kukolopa. Anayang'ana Natércia kukamwa kuli yasa, chikolopa chikudonthera pansapato zake. Natércia nayenso anaganiza zomwezo, koma anadziletsa. Mafunso si umboni, ndipo munthu samangidwa chifukwa chokhudzidwa ndi nkhani ya m'nyuzipepala. Komanso Tibério anasechedwa mpaka kuphazi, ndipo chimene anatsika nacho m'boti chinali wotchi yake yokha.

* * *

Dona Graciete anali pakhonde la nyumba ya alendo, dzanja likupitapita pakhosi pamene panalibe kanthu. Anali mayi wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anati mtimawo sanauvulepo chimwalirire amayi awo. Ngakhale tsiku limene anakachitidwa opaleshoni anakana, mpaka anamwino anachita kuumata pachifuwa. Amayi awo anawaveka okha ali pabedi lomaliza, ngakhale kuti mkazi wa Tibério anali ataupempha kale. Dzulo anavula chifukwa chakuti mlongo wawo anavutika miyezi yambiri kukonza ulendowu, ndipo sakanamukhumudwitsa.

Tibério anatulukira ndi makapu a khofi, tsitsi lopesa bwino, nkhope yachisoni yoyenera maliro a munthu wapatali. Anati mlandu ndi wake, iye ndiye anakhulupirira munthu wosayenera. Anati phunziro walitenga, wokhota sawongoka. Natércia anagwedeza mutu ngati akuvomera, n'kufunsa ngati ashakiwo anawaonadi, kuti mwina ulendo sunapite pachabe.

Nkhope ya mayi aja inawala mwadzidzidzi.

"Mulungu andikhululukire, mayi Sajeni, ndikulira chonchi koma zimene ndinaona dzulo sindidzaiwala. Aatali, obiriwira ngati nyanja yomwe, maso aakulu ngati a ng'ombe. Ine ankangondidutsa ngati chitsa. Koma Tibério, mmodzi anamukonda zedi. Amapita, n'kubwera, kudzamununkhiza dzanja, ngati galu akadziwa kuti mwabisa fupa."

"Nyama zimandikonda kuyambira ndili mwana," anatero Tibério akuseka. "Achemwali, auzeni kuti sindinasunthe ngakhale pang'ono."

Ndipo poti kudzitama sikuyembekeza kupemphedwa, anatulutsa yekha foni n'kumuonetsa kanema amene Ondina anajambula pansi pa nyanja. Anthu awiri anali atagwira chingwe cholendewera kuchokera kuboti. Shaki anadutsa mayi aja osawalabadira, anazungulira, n'kulunjika dzanja lamanja la Tibério. Mkono wa Ondina unaoneka ukumukankha. Anabweranso, dzanja lomwelo. Natércia anaonera mpaka kumapeto, anapempha kuti abwereze, ndipo anayamikira kwambiri kulimba mtima kwa bamboyo. Potsazikana anawaitanira ku mdipiti wa chisoti cha Mzimu Woyera, n'kuwauza kuti mudzi wonse ukhala kumeneko, apolisi omwe, moti padoko sipatsala ngakhale galu.

Atangokhota pakona anayamba kuthamanga, ndipo Natércia si munthu wothamanga.

* * *

Mwana wa msodzi ngati Natércia sachita kuuzidwa kuti shaki sanunkhiza pachabe. Pa maboti amenewa pali lamulo lachiwiri limene alendo amalimva ndi khutu limodzi: wolowa m'madzi sakhudza nyambo. Mafuta a tuna akalowa m'labala sachoka ndi madzi a m'nyanja, ndipo n'chifukwa chake mitu amaigwira Gualter yekha, amene satsika.

Zovala za dzulo zinali zitaunjikidwa pakona osachapa, poti apolisi analamula kuti zisakhudzidwe. Natércia anafunsa magolovesi a Tibério, ndipo sanavute kuwazindikira chifukwa anali okhawo aakulu. Ananunkhiza yakumanzere, inamveka mchere ndi labala. Ananunkhiza yakumanja, n'kuipereka kwa Ondina. Ondina anaiyandikitsa kumphuno, ndipo mawu amene anatulutsa si olemba pa tsiku la Mzimu Woyera.

"Ndinaona kuti shaki akumuvuta," anatero. "Ndinati ndimufunsa tikatuluka. Kenaka chitini, phokoso, zonse zinandiuluka."

Natércia anafunsa ngati bamboyo anafunsapo za nyambo. Ondina anadzimenya pachipumi. Lachisanu, atabwera kudzayesa zovala, Tibério anazungulira shopu yonse ngati wofuna kuigula, n'kufunsa kuti mitu yotsala imapita kuti. Ondina anamuonetsa fuliji ya m'kachisakasa kakuseri, imene sakiya, poti ndani angabe mitu ya nsomba. Ndipo sananame, masiku onse mitu yotsala imabwerera mmenemo kudikira ulendo wa mawa. Chimene sanaganize kumuuza n'chakuti kukakhala kuti mawa lake boti silituluka, mituyo imapita kwa a Firmino, nkhalamba yotchera nkhanu zikuluzikulu ndi miono.

"Ndiye mitu ya dzulo ili kwa a Firmino?"

"Ili pansi pa nyanja, Natércia. Anatchera dzulo lomwelo dzuwa lisanalowe."

Kumtunda belu la tchalitchi linayamba kulira.

* * *

Natércia anakhala m'kachisakasa kaja kuseri kwa mabotolo a mpweya, mawondo akudandaula. Gulu la malipenga linamveka likukwera msewu, mfuti za chikondwerero zikuphulika m'mwamba, ndipo padoko panalidi zii. Sanadikire nthawi yaitali. Chitseko chinalira, ndipo Tibério analowa atavala malaya oyera a ku tchalitchi. Anapinda manja a malayawo, anatsegula fuliji, n'kuyamba kutulutsa mitu youma ndi chisanu, uwu kuukanula kukamwa, uwu kuupisa chala m'makha, uwu kuuponya pansi. Natércia anamulekerera. Kunena zoona anasangalala, ndipo sanaone chifukwa chodzimana.

"Mukufuna wa msuzi, bambo Tibério? Wabwino ndi wamaso oyera."

Bamboyo analumpha mpaka mutu unagunda chivindikiro. Koma anali munthu wa lilime, ndipo sanachedwe kulipeza. Anati usiku wonse wakhala akuganiza, ndipo zinamubwerera kuti mwina wakubayo anabisa golide m'nyambo. Anabwera kudzathandiza apolisi, basi.

"Mwachita bwino," anatero Natércia. "Koma mwachedwa. Mitu ya dzulo mulibe mmenemo. Gualter anaipereka kwa munthu."

"Kwa ndani?"

Funsolo linatuluka msanga kwambiri, ndi mawu a munthu amene mwana wake wagwera m'chitsime. Iye mwini anazimva, ndipo nkhope inasanduka ngati phulusa.

"Gualter ananena ndi pakamwa pake, unyolo uli m'manja, padoko podzaza anthu. Inu munali mutapita. Ndaona mbava zambiri, bambo, koma sindinaonepo yobisa golide m'mutu wa nsomba n'kupempha kuti mutuwo aupereke kwa nkhalamba ikautaye m'nyanja. Ndiponso sindinaonepo shaki wokonda munthu chifukwa cha nkhope." Anatulutsa golovesi ija m'thumba lapulasitiki n'kumuonetsa.

Tibério anapukuta zala pa malaya oyera aja. Anati golovesi yonunkha si mlandu. Anati popanda golide palibe chimene angamuchite, mawa akukwera ndege, ndipo amene ali m'chitokosi akhala momwemo. Chowawa n'chakuti sankanama kwenikweni. Natércia anamusiya m'manja mwa wapolisi mnzake uja, amene anali atabisala panja, n'kuuyamba msewu wokwera kumene kunali mdipiti.

* * *

A Firmino anali kutsogolo ndithu, atavala jekete imene anakwatira nayo, atanyamula ndodo ya mbendera yofiira. Natércia anayenda pambali pawo n'kumawafotokozera, mofuula ndithu chifukwa khutu lawo linatsalira m'nyanja kalekale. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu.

"Lero ayi, mwana wa Goulart. Mzimu Woyera saiwala. Msuweni wanga anamweta udzu tsiku ngati lalero, ng'ombe yake sinaone Lachitatu. Miono ndivuula mawa."

Natércia anati mawa Gualter akhala ali m'sitima. Anati pofika mawa nkhanu zikhala zitakokota mituyo n'kutsala mafupa, ndipo golide akagwera m'mipata ya mono ndiye wapita mpaka kalekale. Nkhalambayo inangolimbitsa ndodo yake n'kumayang'ana kutsogolo, kumene mayi wosankhidwa kuvekedwa chisoti chaka chino ankayenda atanyamula chisoti chasiliva pambale. Natércia nayenso anachiyang'ana chisoticho, ndipo anakumbukira zimene bambo ake ankasimba.

"Madala, paja kale tsiku lalero wovekedwa chisoti ankatani asanakhale pansi kudya?"

A Firmino anachepetsa liwiro.

"Ankapita kundende," anatero. "Ankamasula mkaidi mmodzi."

"Ine ndili naye mmodzi. Koma kiyi wake ali m'miono yanu."

Nkhalambayo inaima pakati pa msewu, moti woimba lipenga wa kumbuyo anaigunda. Inapereka ndodo kwa mnzake, inavula jekete n'kupatsa mkazi wake, amene anali atayamba kale kudandaula.

"Khala chete, Ermelinda. Imeneyi si ntchito, ndi mwambo."

Nkhani pachilumba imathamanga kuposa mphepo. Pamene boti la Ondina linkachoka, theka la mdipiti linali litatsikira padoko, oimba malipenga omwe. Dona Graciete anakana kutsala, anakwera ndi diresi yawo yakuda. Miono sinali kutali, inali kuseri kwa miyala yakuda ya pakhomo pa doko, moti anthu ankaona zonse. Mono woyamba unatuluka ndi nkhanu ziwiri ndi mutu wokokotedwa mpaka fupa. A Firmino anauswa ndi mpeni, munalibe kanthu. Wotsatira chimodzimodzi, ndi winanso. Natércia anayamba kukayika. Mwina golide anagwa kale. Mwina iyeyo, mkazi wamkulu ndi yunifolomu yake, wasokoneza chikondwerero cha mudzi wonse chifukwa cha fungo la golovesi.

Mono womaliza unabwera wolemera. Munali moreia, nsomba yonga njoka ija, itadzikulunga pa mutu waukulu wa tuna ngati wake. A Firmino anaikankha ndi chidendene cha mpeni n'kuibwezera m'madzi, ati lero ngakhale iwe ndiwe mkaidi womasulidwa. Kenaka anagoneka mutuwo pathabwa, anapisa mpeni kuseri kwa makha n'kukanula. Kaunyolo kanalendewera kaye, kenaka mtima wonse unatsetsereka n'kugwera m'dzanja lawo, uli mafuta okhaokha, ukuwala padzuwa.

Dona Graciete sanadikire kuti autsuke. Anautenga wonunkha choncho n'kuupsompsona. Ondina anakwera pampando wa woyendetsa, anauza mayiwo kuti akweze dzanja anthu aone, ndipo analiza huta. Padoko panaphulika. Amayi analulutira, zipewa zinauluka, ndipo oimba malipenga, osauzidwa ndi munthu, anayamba nyimbo ya Mzimu Woyera. Natércia anakhala pabokosi la nyambo n'kuseka mpaka misozi.

* * *

Tibério anali pamwamba pa masitepe pakati pa anthu, wapolisi atamugwira pamkono. Lilime lija linayesanso komaliza. Anati amayi awo anamulakwira, golideyo anali wa banja lonse, iye amangotenga gawo lake. Dona Graciete anaima patsogolo pake. Mawu awo sanakwere, koma padoko panali chete moti aliyense anamva.

"Golide ndikanakukhululukira, Tibério. Ukanalira pamaso panga mwina ndikanakupatsa n'komwe. Koma iwe unakhala pansi miyezi yonseyi kusankha mwezi, kusankha boti, n'kusankhanso munthu woti akawolere m'ndende m'malo mwako. Unandigwira pamkono dzulo akumumanga."

Anamudutsa osacheukanso.

Natércia anaimbira mkulu wake ku Horta, amene anamvetsera zonse n'kunena kuti malo a m'sitima alipo kale, angosintha dzina. Kenaka anapita kuchitokosi ndi kiyi m'manja, ndipo sanapite yekha, poti mayi wa chisoti uja anaumirira kuti mwambo ukhale wathunthu. Gualter anatuluka akuphethira chifukwa cha dzuwa, n'kupeza chisoti chasiliva pakhomo ndi mudzi wonse kumbuyo kwake. Anafuna kubwerera mkati.

"Tiye, fisi iwe," anatero Natércia. "Msuzi ukuzizira."

Pa matebulo aatali a chikondwerero munthu sabwezedwa, limenelo ndi lamulo lakale, koma Gualter zaka zonsezi ankatenga mbale yake n'kukadyera kuseri kwa khoma. Tsiku limeneli anthu omwe aja ooloka msewu anasendera okha kuti akhale pakati. Mbale yoyamba ya buledi wonyikidwa m'msuzi wa ng'ombe inaikidwa patsogolo pake, a Firmino anamuthirira vinyo, ndipo ena amene anaseka za mitu ya nsomba anabwera kudzamugwira paphewa, manyazi ali m'maso. Natércia anadya mbale ziwiri ndipo sanapepese kwa aliyense.

Lolemba m'mawa sitima inanyamuka ndi Tibério. Natércia anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota, kenaka anatsikira kumene boti la Ondina linali kupakira mabotolo a mpweya. Anadabwa kuona Dona Graciete atavala kale chovala cha labala. Anati ndege ipite yokha, iwo anabwera kudzaona jamanta ndipo sachoka asanazione.

Ondina anatulutsa chitini cha mabisiketi chija, akuchita nacho manyazi pang'ono. Dona Graciete anavula mtima wagolide m'khosi, anachiyang'ana chitinicho, n'kuchidutsa. Anapita kumbuyo kwa boti kumene Gualter ankadula nyambo, anamugwira dzanja, lamafuta a nsomba choncho, n'kumuikira mtimawo pachikhatho.

"Mundisungire, bambo Gualter."

Gualter anayang'ana pachikhatho pake nthawi yaitali. Kenaka anauika m'thumba la malaya, anamanga batani, n'kukaliza injini.